Eriyo ya M'dimba la Nyemba

Kebulo ya TV ndinaidula ndekha, popanda wondituma. Ndiyambe ndi kuvomera zimenezo, chifukwa mkazi wanga Marlys akamasimbira anthu nkhaniyi amayambira pomwepo, ndiye kuli bwino ndimutsogolere. Linali Lolemba, mu Januwale. Ndinaimbira foni kampani ya kebulo kuti ndimve chimene akwezeranso mtengo, iwo n'kundidikiritsa pafupifupi ola lathunthu akundiimbira kanyimbo kamodzimodzi. Pamene munthu ankayankha n'kuti zitandifika pakhosi.

"Chotsani zonse," ndinatero. "TV, intaneti, zonse. Zithunzi zangodzaza mumlengalenga zaulere, ndizitapa ndekha ndi eriyo."

Mtsikana wa pafoniyo anandifunsa kawiri ngati ndatsimikiza. Ndinamuuza kuti ndagwira ntchito ya magetsi ku mgodi wa chitsulo zaka makumi atatu ndi zinayi, choncho za mawaya asandiphunzitse. Nditadula foni ndinadzimva kuti pakhomo pano mwamuna alipo.

Marlys anandiyang'ana pamwamba pa magalasi ake.

"Stan, mwaiwala kuti kutsogoloku kuli Febuluwale?"

Sindinaiwale. Mu Febuluwale ndi mmene masukulu a mu Minnesota monse amakumana mumzinda wa St. Paul pa mpikisano wa hoke ya atsikana, masewero a ndodo otsetsereka pa ayezi, ndipo mdzukulu wathu Annika ndiye anali wapagolo wa timu ya sukulu yathu. Koma timu imeneyo inali isanapondeko ku St. Paul kwa zaka khumi ndi zisanu. Ndinamuuza Marlys kuti ana aja ndimawakonda, koma tisadzinamize. Patangotha milungu itatu ana aja anapambana masewero omaliza a dera lathu n'kupeza malo ku St. Paul, tauni yonse n'kumaliza malipenga a magalimoto, ine ndekha ndikuyang'ana TV yopanda kebulo.

Vuto silinali langa kapena la Marlys. Ife tikanatha kukwera galimoto n'kukaonera konko. Vuto linali apongozi anga, Bambo Eino Kangas, a zaka 91, amene nyumba tikukhalayi ndi yawo. Anathyoka fupa la m'chiuno Khirisimasi isanafike, ndipo dokotala ananena kuti ulendo wa maola anayi asauyerekeze, ngakhale masitepe a pakhomo asawatsike kufikira ayezi atasungunuka. Annika ndi mdzukulutuvi wawo. Ndi iwo amene ankathira madzi kuseri kwa nyumba nyengo yozizira iliyonse kuti aundane, mwanayo n'kuphunzirirapo kutsetsereka ali ndi zaka zinayi. Ndi iwonso anamuika pagolo koyamba, atamumangirira mapilo m'miyendo. Ichi chinali chaka chake chomaliza pasukulu, masewero ake oyamba kuonetsedwa pa TV, ndipo timu ikagonja tsiku loyambalo TV siionetsanso. Masewerowo anali Lachitatu nthawi ya 11 m'mawa, pa tchanelo ya mumzinda wa Duluth. Bambo analemba tsikulo pa kalendala ndi pensulo, n'kulizunguliza katatu.

Ndinakabisala m'galaja n'kuimbiranso kampani ija, mawu nditawafewetsa ngati munthu wopempha mchere. Anati wolumikiza angabwere pakatha masiku khumi ndi asanu ndi limodzi. Ndinabwerera m'nyumba n'kulengeza kuti zonse zili m'manja.

Eriyo yoyamba inali yaphwatalala, yomata pawindo, yofanana ndi kansalu koikapo mbale. Pa bokosi analemba kuti imakoka zithunzi pa mtunda wa mamailosi 80, ndipo ku Duluth ndi 60 okha, ndiye ndinati ena 20 otsalawo ndi basela. Ndinaimata m'chipinda cha Bambo, n'kuuza TV kuti ifufuze matchanelo. Inapeza awiri. Ina inkagulitsa mapoto ndi ndolo, ina inkaonetsa mafilimu akale a anthu othamangitsana pa akavalo.

Bambo anaonera mapotowo kwa kanthawi, atagwira ndodo yawo.

"A Injiniya," anatero, "kodi Annika atulukira mu poto uti?"

Dzina limenelo anandipatsa tsiku la ukwati wathu, pamene ndinati ndikonze chinkuzamawu cha muholo n'kuzimitsa magetsi a msewu wonse. Zaka makumi anayi ndi zitatu zinali zitadutsa, dzina langa lenileni osalitchulapo ngakhale kamodzi. Ine ndinkawaitana Bambo, iwo n'kumandiitana a Injiniya, moti ana athu ali aang'ono ankayesa kuti ndi dzina la ubatizo.

Eriyo yachiwiri ndinakaigula ku golosale yaikulu ya m'tauni ina, ndipo ndinaisankha chifukwa cha chithunzi cha pa bokosi. Inali yakuda, yonyezimira, yokhala ndi kamota koizunguza ndi rimoti yakeyake, ndipo iyi inkalonjeza mamailosi 200. Pobwerera ndinadutsira ku sitolo ya zitsulo ya kwathu kukagula waya, bokosilo nditalikolekera m'khwapa kuti anthu alione. Doreen, mwini sitoloyo, amene tinaphunzira naye kalasi imodzi, analiwerenga mbali zonse.

"Stan, dzikoli ndi lozungulira, ukukumbuka? Mamailosi 200 chinthuchi chikaona bwanji? Komanso tchanelo ukufunayo imayenda pa mafunde aatali. Imafuna eriyo ya nthiti zazitali, osati timapiko iti. Ndili nayo imodzi kuseriku koma yagulidwa kale, ina ifika Lachisanu."

"Doreen, ndabwera kudzagula waya."

"Chabwino. Ukafika ukawafunse a Eino kolozetsa."

"Ndili ndi kampasi m'foni," ndinatero, n'kutuluka mapewa ali m'mwamba.

Ndinayamba ndaiika m'kachipinda ka pansi pa denga, poopa kuzizira. Tsiku lonse ndinakwawa mmenemo, TV osapeza ngakhale mapoto aja. Madzulo ndi pamene ndinakumbuka kuti denga lathu ndi lamalata, otchinga mafunde, ndipo amene anaumirira kuti tifolere malata ndi ine. Kutacha ndinaitulutsa n'kuimangirira pa nsanamira ya khonde, n'kuilozetsa ku Duluth ndendende monga kampasi inanenera. Nditatsatira ndi maso kumene inkalozako ndinaona chiphiri chofiira cha miyala yotayidwa ku mgodi, chili tsonga kum'mwera kwa tauni. Zaka makumi atatu ndi zinayi ndinakhala ndikukonza magetsi a makina amene anaunjika phiri limenelo. Tsopano linaima pakati pa ine ndi Duluth.

Lolemba Bambo anandiitana ndikudutsa pakhomo pa chipinda chawo.

"Lozetsani ku thanki."

"Thanki ya madzi ija? Bambo, thanki ili kumpoto. Duluth ali kum'mwera."

"Ndikudziwa kumene kuli Duluth. Ndinakwatira kumeneko."

"Zimenezo zinali za kale, Bambo. Masiku ano zithunzi ndi za dijito."

Anangotembenukira kuwindo. Mawu a dijitowo ndinawatchula mokoma kwambiri, ngati kuti mafunde a lero amaboola mapiri. Safunsa adadya phula, koma ine ndinaposa pamenepo, chifukwa anthu awiri anandiuza ndisanafunse n'komwe, phulalo n'kudyabe.

Lachiwiri masana Marlys ananyamuka ndi mwana wathu, mayi ake a Annika, kupita ku St. Paul. Anatisiyira supu ya nsawawa mufiriji ndi buledi wa zonunkhira amene Bambo amamwera khofi. Atavala chikhoto anaima pakhomo.

"Stan, Bambo akapanda kumuona mwana uja, ine sindidzakukalipirani."

"Amuona."

"Ndikungokuuzani kuti sindidzakukalipirani. Ndidzangokhala chete."

Amene sanakwatire mkazi wa mtundu wa Chifinishi sangamve kuopsa kwa mawu amenewo. Madzulo ake ndinayesa kuwaonetsa Bambo masewero ena pafoni kuti tione ngati zingatheke. Anaiyandikitsa kumphuno, n'kuitalikitsa, n'kundibwezera.

"Ndikuona nyerere pa mbale," anatero.

Lachitatu ndinalowa m'chipinda chawo cha m'ma 9 koloko nditanyamula khofi, ndipo ndinaima pakhomo pomwepo. Anali atadzuka okha, atameta ndevu okha, pachibwano pali kapepala pamene anadzicheka. Anavala malaya oyera ndi tayi, pamwamba pake juzi yakale ya timu ya sukulu yathu, imene tsopano inkawakhuthukira m'mapewa. Anakokera mpando patsogolo pa TV, pamiyendo ataika kapepala ndi pensulo. TV inali yoyatsa, ikungoonetsa buluu. Sananene chilichonse, ndipo n'chimene chinandipweteka. Akanandinyoza ndikanapeza poyankhira. Manyazi amene anandigwira pamenepo sindinawamvepo chibadwire, ngakhale tsiku la ukwati lija.

Ndinaika khofi patebulo.

"Bambo, ndalephera. Ndiuzeni chochita."

"Eriyo yanga ili kuti?"

Ankadziwa kumene ili. Titasamukira m'nyumbamu zaka khumi ndi ziwiri zapitazo, apongozi aakazi atamwalira, ntchito yanga yoyamba inali kukwera padenga ndi sowo n'kugwetsa chieriyo chawo chakale, chachitali kuposa munthu, cha nthiti zotambalala ngati mafupa a nsomba. Ndinati chikunyazitsa nyumba. Ndinanenanso pamaso pawo kuti tsobola wakale sawawa. Marlys anachitola n'kukachizika m'dimba, ndipo kuyambira pamenepo nyemba zake zakhala zikuyanga pa icho chaka ndi chaka.

Ndinatenga fosholo. M'dimba chipale chofewa chinkafika m'ntchafu, eriyo ikungoonekera nsonga. Ndinakumba, ndinagwedeza, ndinatukwana m'zilankhulo zonse za ku mgodi, mpaka mtengo wake wachitsulo unazuka, ine n'kugwa chagada utandigonera pachifuwa. Ndinauyendetsa mpaka pawindo la Bambo uli ndi mayangayanga ouma a nyemba, makoko ena akulendewera. Nthiti imodzi inali itapindika, ndinaiwongola ndi bondo.

"Zomangira waya wake ndi za makedzana," ndinatero nditalowa. "Waya wa lero salowapo."

"Pa shelefu apo pali chitini cha khofi."

M'chitinimo, pansi pa misomali ndi mabatani, munali kachipangizo kolumikizira waya watsopano ku eriyo yakale, kali m'pepala lake. Anakagula okha chaka chomwe ndinagwetsa eriyocho.

Galaja yathu ndi yogundana ndi chipinda chawo, denga lake ndi lotsika komanso lafulati. Ndinakwera ndi makwerero, n'kuzika mtengo wa eriyo m'chipale, n'kuilozetsa kumpoto, ku thanki, msana nditaufulatitsira Duluth. Ndinatsika kukauza TV kuti ifufuzenso. Inayenda pang'onopang'ono ngati ikundilanga dala. Kenaka pagalasi panabwera ayezi woyera, mizere yofiira ndi ya buluu, ndi anthu odzaza bwalo. Mafunde aja amadutsa pamwamba pa phiri, n'kukagunda chithanki chachitsulo chija, n'kubwerera m'tauni. Ndinkadziwa zimenezi, zinali m'buku loyamba la maphunziro anga a zamagetsi.

Tisanasangalale n'komwe mphepo inawomba, chithunzi chinasweka timabokositimabokosi n'kuzima. Chitsulo chogwira mtengo wa eriyo padenga ndinali nditachidula ndekha ndi sowo uja. Nthawi inali itatsala mphindi khumi.

"Pafunika munthu pamwambapo," anatero Bambo. "Ndikagogoda khoma kambirimbiri, zunguzani. Ndikagogoda kamodzi, imani pomwepo, musapume n'komwe."

Ndinavala zipewa ziwiri n'kukwera. Ndinagwira mtengowo ndi manja onse, n'kumauzunguza pang'onopang'ono, ndodo ikulira pansi panga, gogogo, gogogo. Kenaka go, kamodzi. Ndinauma pomwepo. Malo ake abwino anali ochepa ngati chala, ndipo eriyo inkafuna kuinyamula pang'ono kuti isuzumire pamwamba pa nyumba yoyandikana nayo. Pa nthawi yopuma yoyamba ndinayesa kuimangirira ku makwerero ndi lamba wanga, koma ndodo inayamba kulira pomwepo, ndiye ndinabwerera m'mapazi anga omwe aja.

Munthu ukaima padenga maola awiri umaona zambiri. Ndinaona kuti mumsewu wathu nyumba zisanu ndi imodzi zikadali ndi maeriyo akale, ena adzimbiri, ena othyoka nthiti, ndipo onse analoza ku thanki. Ndinabadwira m'tauni muno, ndadutsa mumsewu umenewu moyo wanga wonse, koma sindinayang'anepo m'mwamba. Galimoto ya Doreen inadutsa, inaima, n'kubwerera chafutambuyo. Anatsitsa galasi n'kundiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka ku makoko a nyemba.

"Iyi ndiye wasankha bwino, Stan," anatero. "Koma mtengo wakewo ukuoneka wokalamba."

Sindinathe ngakhale kumuloza chala.

Masewerowo ndinkawamvera m'mapazi. Mawu a wolengeza ankabwera chapansipansi kudzera m'denga, osamveka bwino, ndipo nthawi zina ndinkamva Bambo akubuula kapena kulankhula Chifinishi, chimene amalankhula akakhala kutchalitchi kapena akapsa mtima. Zala zanga zinasiya kumva kalekale. Mamina anaundana pandevu.

M'chigawo chachitatu, chomaliza, ndodo inayamba kulira mwamphamvu, gogogogo, osalekeza. Ndinati chithunzi chathawa. Ndinazunguza eriyo msangamsanga kumanzere, ndodo n'kusiya. Panali zii. Ndinadikira kugogoda kumodzi kuja koma sikunabwere. Kenaka ndinamva windo likutsegulidwa movutikira, ndi mawu a munthu wa zaka 91 amene dokotala anamuletsa kuimirira yekha.

"Mwatani inu? Kumeneko kunali kuwomba m'manja! Bwererani!"

Ndinabwerera ndikufufuza kachala kaja pakati pa mlengalenga wonse. Zinanditengera mwina mphindi imodzi, koma ndinakalamba nayo. Ndodo inati go. Kuchokera pamenepo ngakhale nyumba ikanayaka sindikanasuntha.

Atagogoda katatu motalikitsa ndinadziwa kuti zatha. Ndinagoneka eriyo m'chipale n'kutsika makwerero ndi zigongono, chifukwa manja anali atakana. M'chipindamo munkazizira, windo lija analephera kulitseka bwino. Bambo anali pampando wawo, tayi itapotoka, maso ali ofiira. Ndinatseka windo n'kuwafunditsa bulangeti pamiyendo.

"Tagonja," anatero. "Zigoli ziwiri kwa chimodzi."

"Pepani, Bambo."

"Pepani wa chiyani? Taonani apa." Anandionetsa kapepala kaja. Kanadzaza timizere ta pensulo, tisanutisanu. "A timu inayo anawombera pagolo la Annika kokwana 43, iye anatchinga 41. Ine ndalemba 40. Kamodziko ndi kamene munandiphonyetsa inu, ndinachita kumva kwa wolengeza."

"Ndimayesa chithunzi chathawa."

"Atatha masewero anavula chisoti, kamera n'kumuyandikira. Nkhope yonse inadzaza galasi ili. Amalira, koma anaimirira mowongoka." Anasisita kapepalako ndi chala. "Ndinamuona bwinobwino. Ngakhale kachipsera kaja ka pachibwano, kamene anagwa kuseri kuno."

Ndinapita kukhichini kukatenga beseni la madzi ofunda, chifukwa mapazi anali atayamba kubaya, komanso chifukwa nkhope yanga inkafuna pobisala. Nditabwera nalo anandiyang'ana ndikulimbana ndi zingwe za nsapato.

"Chaka chimene anyamata a tauni ino anafika mu fainolo," anatero, "Marlys ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, mphepo inathyola chogwirira eriyo yomweyo m'mawa wa tsikulo. M'nyumba muno munadzaza anthu a msewu wonse. Mayi ake a Marlys ndiye ankagogoda, ndi chogwirira cha tsache."

"Padenga panali ndani?"

"Mukuganiza kuti panali ndani? Anthu mpaka lero amati anali masewero okoma kuposa onse. Ine ndinaona thanki." Anaseka pang'ono, n'kutsokomola. "Nyumba iliyonse imafunika chitsiru chimodzi cha padenga. Ndinkada nkhawa kuti ndikapita muno simutsala aliyense."

Foni inayamba kulira m'thumba la chikhoto changa. Anali Marlys. Ndinati ndiyankhe, koma Bambo anakweza dzanja.

"Ayambe adikira. Kokerani mpandowo kuno, Stan, ndikuuzeni mmene zinayendera."

Ndinakokera mpando pafupi n'kuviika mapazi m'beseni. Iwo anavala magalasi, anaika chala pa kamzere koyamba ka pensulo, n'kuyambira pamenepo.